Pepala la ku labu likati mbuzi ili positive ya toxoplasma, ndiye kuti chiyani kwenikweni?

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Joni sitili m'tauni mwenimwenimo ayi, ena tili m'mapuloti, ku De Deur, Walkerville, Eikenhof, cha ku Randfontein, Bapsfontein uko, ndipo ntchito yomwe ambiri amaipeza msanga ndi yosamala ziweto, makamaka mbuzi. Abwana amakhala m'tauni amangobwera pa weekend, amene amadziwa kuti mbuzi iti yakweredwa liti, iti yasiya kudya, iti yapoloza usiku, ndi inuyo amene mumagona pafupi ndi khola. Nde chaka chikakhala choipa, mbuzi zitatu zinayi kupoloza motsatizana, abwana amaitana adokotala a ziweto, amatenga magazi, pakapita masiku pepala limabwera pa WhatsApp, pa mzere wina palembedwa Toxoplasma gondii, kutsogolo kwake positive.

Apa mpamene zinthu zimasokonekera. Abwana ena akangoona mawu amenewo amati mbuziyo ichoke isanapatsire zinzake. Ena amatembenukira kwa wantchito kuti iwe sukusamala khola. Ena amalamula kuti amphaka onse apapuloti aphedwe lero lomwe. Ndipo alipo ena amene amangoti basi tachipeza chomwe chikupolozetsa mbuzi, osafufuzanso, pomwe mwina chikupha anawo ndi matenda ena oopsa kuposa amenewa. Zonsezi zimabwera chifukwa chosamvetsa chomwe magazi amanena. Kuyeza kumeneku sikusaka kachilomboko ayi, kumangoyang'ana ngati thupi la mbuzi linakumanapo nako, ndipo kusiyana kwa ziwirizi kukhoza kupulumutsa mbuzi yabwinobwino ku mpeni, pena ngakhale ntchito ya munthu.

Tiyambe ndi kachilomboko. Toxoplasma si nyongolotsi, si bakiteriya, si vayirasi. Ndi kachilombo ka selo imodzi, ka banja limodzi ndi kamene kamayambitsa malungo komanso coccidiosis ija imatsegula m'mimba ana a mbuzi ndi anapiye. Nchifukwa chake dozi ya nyongolotsi sigwira, ndipo Terramycin amene anthu amangobaya mbuzi ikangofooka kaya vuto ndi chiyani, pa kachilombo aka sathandiza. Anakapeza koyamba mu 1908, a Charles Nicolle ndi a Louis Manceaux ku Tunis, m'kanyama kena ka kumeneko kotchedwa gundi, ndipo chaka chomwecho a Alfonso Splendore anakaonanso mwa kalulu ku Brazil. Koma panapita zaka zoposa 60 anthu asakudziwa kuti kamafala bwanji kwa ziweto zomwe zimangodya udzu, mpaka cha mu 1970 pamene zinatsimikizika kuti gwero lake ndi mphaka.

Nyama iliyonse ya magazi otentha ikhoza kukatenga, mbuzi, nkhosa, nkhumba, nkhuku, khoswe, munthu. Koma ndi m'matumbo mwa mphaka mokha, wapakhomo kapena wakutchire, momwe kamaswana mpaka kutulutsa timazira totuluka ndi chimbudzi. Mphaka akagwira khoswe kapena mbalame yomwe ili nako, kapena mukamuponyera nyama yaiwisi, pakangopita masiku ochepa amayamba kutulutsa timazirato, mamiliyoni ndithu, kwa sabata imodzi mpaka zitatu, kenako amasiya ndipo kawirikawiri sabwerezanso. Ndiye amene amafalitsa kwambiri ndi ana amphaka omwe angoyamba kumene kusaka, osati chimphaka chokalamba chomwe chimangogona pakhonde. Timazirati tikangotuluka sitikhala toopsa nthawi yomweyo, timafuna tsiku limodzi mpaka asanu kuti tikhwime, koma tikakhwima ndi tolimba zedi, pa dothi lachinyontho pamthunzi timatha kukhala ndi moyo kupitirira chaka, ndipo mankhwala wamba otsukira m'khola satipha.

Tsopano taganizirani sitolo yosungiramo zakudya za ziweto papuloti pomwe mukugwirapo. Mabelo a lucerne aunjikidwa mpaka kudenga, thumba la madeya kapena ma pellet latsegulidwa silinamangidwenso, makoswe ali mbwee, nde abwana anabweretsa mphaka kuti azigwira makoswewo, mphakayo waswera kuseri kwa mabelo, tiana tikukula momwemo. Mphaka amakonda kuchita chimbudzi pamalo pofewa pomwe angakwirire, ndipo madeya otayikira pansi kapena lucerne wofumbutuka ndi malo omwe amawakonda. M'mawa inu mukutapa ndi ndowa kukathira modyera. Simuona kanthu, timazirato sitioneka ndi maso, ndipo chimbudzi cha kamphaka kamodzi chikasakanikirana ndi chakudya chimakwanira kufikira khola lonse. Mvula ikayamba cha mu Okutobala madzi amakokololanso zapabwalo kukathira m'madamu ndi momwera. Koma gwirani ichi, mbuzi simatulutsa timazirato. Ndowe zake, mkodzo wake, mpweya wake, sizipatsira mbuzi inzake. Kuchotsa mbuzi ya positive m'khola sikuteteza zotsalazo ngakhale pang'ono ngati gwero likadali m'sitolo muja.

Mbuzi ikameza timazirato, kachilombo kamaswana mwachangu nkuyenda ndi magazi thupi lonse, mbuzi imatha kutentha thupi masiku angapo, kudya monyinyirika, nthawi zambiri palibe amene amazindikira. Chitetezo chikadzuka kachilombo kamakabisala m'timatumba ting'onoting'ono m'minofu, mu mtima ndi mu ubongo, nkukhala momwemo moyo wonse wa mbuziyo. Ngati inalibe bere, nkhani imathera pomwepo. Vuto limabwera ikakumana nako koyamba ili ndi bere. Bere la mbuzi ndi masiku pafupifupi 150, ndipo zotsatira zimatengera nthawi. Kumayambiriro mwana amangofera m'kati nkusungunuka, inu mumangoona mbuzi ija munkati yatenga ikufunanso tonde, kapena chaka chatha osaswa. Chapakati mpamene imapoloza, kapena kutulutsa kamwana kouma kofiirira kamene kanafa kale, pena mapasa mmodzi wouma wina wamoyo koma wofooka. Chakumapeto mwana akhoza kubadwa wooneka bwino ngakhale ali nako kale.

Katengedwe ka magazi sikovuta koma kali ndi malamulo ake ndipo amene mumagwira mbuzi ndinu. Mumaiimika pakati pa miyendo yanu kapena kuipanikiza kukhoma, nkukweza chibwano pang'ono mutu nkuupotolera kumbali, adokotala kapena alangizi a ziweto amakanikiza ndi chala m'munsi mwa khosi mpaka mtsempha utatupa, nkubaya. Magazi amalowa m'kachubu ka chivindikiro chofiira, mamililita 5 mpaka 10 basi. Kachubu kameneka mulibe mankhwala oletsa magazi kuundana, amafuna aundane dala kuti pamwamba patsale madzi achikasu aja amati serum, amenewo ndiwo amakayezedwa. Nde musakagwedeze, musakasiye padzuwa pa bonet ya bakkie, musakaike mu deep freezer, magazi akaphulika serum imafiira ndipo zotsatira zimatha kusokonekera. Kakhale kaye chilili pamthunzi kenako mu cooler box. Ndipo chinthu chomwe chimaonongeka kawirikawiri ndi chaching'ono kwambiri, nambala. Kachubu kalikonse kalembedwe nambala ya pakhutu pa mbuzi yomwe katengedwa, ngati mbuzi zilibe ma tag pezani njira yozizindikirira isanayambe ntchito, chifukwa pepala likabwera lolembedwa 1 mpaka 20 ndipo palibe akukumbukira kuti 7 inali iti, ndalama zonse zija zapita pachabe.

Ku labu amayang'ana ma antibody, timapuloteni tomwe thupi limapanga likakumana ndi mdani, mdani aliyense ndi take take. Timatenga pafupifupi sabata ziwiri kuti tiyambe kuoneka. Oyamba kubwera amatchedwa IgM, amakwera msanga kenako amatsika. Otsatira ndi IgG, awa amakwera pang'onopang'ono nkukhala zaka, nthawi zambiri moyo wonse. Mayeso ambiri omwe amachitidwa pa mbuzi amayang'ana IgG. Zili ngati chipsera cha katemera chija tili nacho pamkono ambirife, chimakuuzani kuti munthuyu anabayidwapo koma sichinena kuti dzulo kapena ali khanda, ndipo sichitanthauza kuti lero akudwala.

Njira zoyezera zilipo zingapo ndipo dzina lake limalembedwa papepalapo. Yakale kwambiri ndi dye test ya a Albert Sabin ndi a Harry Feldman ya mu 1948, yolondola bwino koma imafuna kusunga tizilombo tamoyo mu labu nde ndi malabu ochepa kwambiri amene amaichitabe. Masiku ano mupeza ELISA, imene amathira serum m'timaenje 96 ta kambale ka pulasitiki nkuona kusintha kwa mtundu ndi makina, ndiyo yachangu mbuzi zikakhala zambiri. Palinso IFAT yoonera pa maikulosikopu, ndi za agglutination monga MAT ndi latex. Zinazi zimapereka nambala ngati 1:25, 1:100, 1:800, amati titre. Tanthauzo lake ndi loti serum anaisungunula kangati ma antibody akuonekabe. 1:800 ndiye kuti ngakhale ataisungunula ka 800 akuonekabe, alipo ambiri. Labu iliyonse imakhala ndi malire ake pomwe imayambira kunena kuti positive, pa MAT ambiri amayambira pa 1:25, choncho musamayerekeze nambala za malabu awiri osiyana kapena njira ziwiri zosiyana ngati kuti ndi muyeso umodzi.

Nde apa pali msampha waukulu. Mbuzi yapoloza, magazi akuti positive, mutu umathamangira kulumikiza ziwirizo. Koma mbuzi ya zaka zinayi yomwe yakulira papuloti pomwe pali amphaka ikhoza kuti inakumana nako ili msoti, ndipo bere la chaka chino laonongeka ndi chinthu china. Kuti aone ngati matendawa ndi atsopano adokotala amatenganso magazi kachiwiri pakapita sabata ziwiri kapena zitatu, titre ikakwera kanayi kapena kuposa ndiye kuti mbuzi yakumana nako posachedwa. Komabe njira imeneyi siigwira nthawi zonse, chifukwa nthawi zambiri mbuzi imapoloza patapita masabata angapo chitengereni kachilombo, pofika tsiku lomwe mukutenga magazi oyamba ma antibody anafika kale pamwamba, achiwiri sasonyeza kukwera kulikonse. Titre yokwera kwambiri imapangitsa adokotala kukayikira toxo, kutanthauza toxoplasma uja, inde, koma paokha magazi a mayi sagamula mlandu.

Chodabwitsa nchoti yankho lomwe limathandiza kwambiri ndi negative. Mbuzi ikapoloza, magazi nkutuluka negative, nkubwereza pakapita sabata zitatu nkukhalabe negative, pamenepo mukhoza kuchotsa toxo pa mndandanda nkuyang'ana kwina. Kubwerezako nkofunika chifukwa zilipo zina zimapoloza msanga, nthawi ya kutentha thupi ija, ma antibody asanaoneke. Ndipo m'khola lomwe muli positive ndi negative zosakanikirana, zomwe muyenera kuzidera nkhawa pa bere likubweralo ndi za negative, makamaka misoti yomwe ikukweredwa koyamba, chifukwa ndizo zilibe chitetezo chilichonse pomwe kachilomboko kakuoneka kuti kalipo pamalopo. Anthu ambiri amaganiza mozondoka, amasunga za negative mosasamala nkumadana ndi za positive.

Ana a mbuzi nawo ali ndi nkhani yawo. Mwa mbuzi, ma antibody a mayi sadutsa pa nsengwa kupita kwa mwana ali m'mimba, mwana amawapeza mu mkaka woyamba wachikasu uja. Ndiye kamwana kakayamwa kale, magazi ake akhoza kunena positive kwa miyezi iwiri kapena itatu chabe chifukwa cha mkaka, kalibe kachilombo konse. Koma mukatembenuza, mwana wopolozedwa kapena wobadwa kumene asanayamwe akapezeka ndi ma antibody, amenewo wapanga yekha, ndiye kuti kachilombo kanamufikira ali m'mimba. Uwu ndiye umboni wamphamvu, ndipo nchifukwa chake ku labu amakonda kutapa madzi a m'chifuwa cha mwana wakufayo m'malo modalira magazi a mayi okha.

Komanso mayeso aliwonse amalakwitsa pena. Pali kachilombo kena kofanana kwambiri ndi toxoplasma kotchedwa Neospora caninum, kamene kamadzera mwa agalu, kanazindikirika ngati kosiyana mu 1988, kale ankangokasokoneza ndi toxo, ndipo tizilombo tapachibale chonchi timatha kupangitsa titre yotsika kuoneka ngati positive. Tingoyerekeza, mayeso olakwitsa kawiri pa 100 iliyonse, mukayeza mbuzi 50 zomwe zonse zilibe kanthu musadabwe imodzi kutuluka positive. Nde imodzi yokha ya m'malire, kapena yolembedwa doubtful, pakati pa khola lonse la negative, imeneyo ndi yobwereza, si yoitanira ogula.

Pomwe magazi amagwira ntchito bwino ndi pamene mukuyang'ana khola lonse osati mbuzi imodzi. Adokotala odziwa satenga zopoloza zokha, amatengako ndi zomwe zaswa bwino, zazikulu ndi zazing'ono, kuti ayerekeze. Ngati zopoloza pafupifupi zonse zili ndi titre yokwera pomwe zoswa bwino zambiri ndi negative, toxo ikukayikitsa kwambiri. Ngati mbali zonse ziwiri zikufanana, mwina kachilombo kalipo papuloti koma si ndiko kapolozetsa. Zaka nazo zimalankhula. Zokalamba zokha zikakhala positive ndiye kuti ndi za kale, koma za chaka chimodzi zobadwira pomwepo zikakhala positive zambiri, gwero likadalipo lero. Ndipo kumbukirani kuti mbuzi zambiri za m'mapuloti a kuno zimachita kugulidwa ku auction kapena kwa ogulitsa ochokera kutali, ku Limpopo, Northern Cape, North West, nde positive ikhoza kukhala inabwera nayo. Inu amene mukudziwa kuti iyi inabadwira pano, iyi inabwera pa bakkie chaka chatha, muli ndi theka la yankho lomwe labu ilibe, muziwauza adokotala ngakhale asanafunse.

Koma chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi nsengwa. Umboni weniweni umakhala pamenepo ndipo ndi umene timautaya msanga. Achimwene ena achikulire amene amasamala Boer goat cha kumwera kwa tauni, adokotala atawafunsa kuti zomwe mbuzi yatulutsa zili kuti, anayankha mwaulemu ndithu kuti "Pepani adokotala, ndimati ndiyeretse khola abwana asanafike, ndaponyera galu." Sanalakwe dala, palibe amene anawauzapo. Pa nsengwa ya mbuzi pamakhala zotupa zofiira zozungulira zambirimbiri momwe mwana amalumikizirana ndi mayi. Toxo ikakhala ndiyo yachita, pa zotupazo pamaoneka timadontho toyera ta mamilimita 1 mpaka 3, pomwe chikopa chapakati pake chimaoneka bwinobwino. Pa chlamydia, matenda ena opolozetsa mbuzi, zimasiyana, chikopa chapakaticho ndicho chimakhuthala nkukhala ndi zonyansa zachikasu. Ku labu amatenga nsengwayo ndi ubongo wa mwanayo nkuyeza ndi PCR, imene imasaka kachilombo kenikeniko, komanso amadula tizidutswa kuti aone pa maikulosikopu. Ndiye mbuzi ikapoloza valani magolovesi, ngati mulibe valani mapulasitiki awiri kumanja, nyamulani mwana ndi nsengwa yonse ngakhale yadetsedwa ndi dothi, ikani m'mapulasitiki awiri, mu cooler box ndi ayezi pambali, osaumitsa, osaika mu filiji ya zakudya, nkuimbira abwana kapena adokotala tsiku lomwelo. Tsiku lililonse lodikira umboni ukuwola.

Izi nzofunika chifukwa zopolozetsa mbuzi kuno ku South Africa ndi zambiri ndipo zingapo zimagwiranso anthu. Pali chlamydia ija amati enzootic abortion, pali Q fever, pali Rift Valley Fever imene imabwera ndi udzudzu zaka za mvula yambiri ngati mmene inachitira mu 2010 pomwe inapha ziweto zambiri ndi anthu ena ku Free State ndi Northern Cape, pali brucellosis, palinso njala chabe, mbuzi ya mapasa yosadya mokwanira m'nyengo yozizira ya kuno imapoloza popanda kachilombo kalikonse. Brucellosis ndi matenda olamulidwa ndi boma pansi pa Animal Diseases Act ya 1984, ndipo Rift Valley Fever ikakayikiridwa iyenera kunenedwa kwa state vet, dokotala wa ziweto wa boma, nde mbuzi zikamapoloza zambiri nthawi imodzi si nkhani yobisa. Zoyeza zambiri zotere zimapita ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, komwe kuli labu yaikulu ya Agricultural Research Council ndi sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Pretoria, malo omwe a Arnold Theiler anatsegula mu 1908 momwemo. Alipo ndi malabu a private. Adokotala ndi amene amadziwa kuti mayeso ati akuchitikira kuti komanso mtengo wake, chofunika nkuwapempha kuti asayeze toxo yokha. Kwathu nako njira ndi yomweyo, mumayambira kwa alangizi a ziweto, iwo amatumiza ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe.

Nanga mbuzi ya positive tiitani? Nthawi zambiri muisunge. Mwa nkhosa zimadziwika bwino kuti ikapoloza kamodzi ndi toxo imakhala ndi chitetezo ndipo chaka chotsatira imaswa bwino. Mbuzi zambiri nazo zimatero, koma mbuzi ndi yofookerapo pa matendawa kuposa nkhosa ndipo zinaonekapo kuti zina zimapatsiranso mwana pa bere lotsatira, choncho yomwe yabwereza kupoloza ndiyo mungaiganizire zoichotsa, chifukwa cha mbiri yake ya kuswa osati chifukwa cha pepala lokha. Mankhwala ochotsa timatumba tija m'minofu kulibe, aliyense wokugulitsani jakisoni woti mbuzi ibwerere ku negative akukuberani. Alipo mankhwala ena osakaniza m'chakudya nthawi ya bere, monga decoquinate, omwe amachepetsa kupoloza, koma amenewo ndi a adokotala kulamula. Katemera alipo, Toxovax, anayambira ku New Zealand mu 1988, koma anapangidwira nkhosa ndipo amapezeka m'maiko ochepa monga UK, Ireland ndi France. Akatemera a chlamydia ndi Rift Valley Fever omwe amagulitsidwa kuno ndi abwino pa ntchito yawo koma sateteza ku toxo.

Za amphaka, kupha onse si nzeru ndipo kumatha kuonjezera vuto. Mukachotsa amphaka akuluakulu omwe anamaliza kale kutulutsa timazira, makoswe amachuluka, amphaka osokera amalowa, amaswa, ndipo mwapezanso tiana tatsopano tomwe ndito toopsa. Chanzeru nkusunga ochepa akuluakulu ofulidwa kuti asamaswane, ma SPCA ndi mabungwe ena osamala nyama amathandiza zimenezi, kutseka sitolo ya zakudya kuti mphaka asalowe, ma pellet ndi madeya kuika m'migolo ya zivindikiro, mabelo apamwamba omwe amphaka amagonapo osapatsa mbuzi za bere, momwera kutsuka nkukweza. Ndipo nsengwa kapena mwana wakufa amene sakupita ku labu, kwirirani mozama kapena otchani, mphaka akadya zimenezo mwayambitsanso mzere wonse.

Tsopano za ife anthu, chifukwa pepala lija abwana amaliwerenga poganizira ndalama za mbuzi, koma amene amagwira magazi ndi nsengwa ndi manja ndi ife. Padziko lonse munthu mmodzi mwa atatu alionse akuganiziridwa kuti ali nako kachilomboka, ambiri osadziwa, osadwala. Timakatenga kudzera m'nyama yosapsa, masamba osatsuka, madzi, dothi la m'dimba lomwe mphaka anakwiriramo, ndi mkaka wa mbuzi wosawiritsa. Nyama ya mbuzi ya positive imadyedwa bwinobwino ikapsa, kutentha kwa madigiri 67 m'kati mwa nyama kumapha timatumba tija, kuumitsa mu deep freezer pa madigiri 12 pansi pa ziro kapena kuzizira kuposa apo kwa masiku angapo kumathandizanso. Vuto lili pa kanyenya wa changu, kunja kwapserera m'kati mukadali magazi, kachiwindi kongolawa pa braai kasanapse, ndi mpeni womwewo wadulira nyama yaiwisi nkudulira tomato wa saladi. Kuthira mchere ndi kuyanika sikodalirika. Nthawi ya Eid kapena Khirisimasi pomwe mbuzi zimaphedwa zambiri m'mapuloti ndi ku Lenasia, osenda ndi otsuka zam'kati asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya kapena fodya.

Amayi oyembekezera asayandikire mbuzi zomwe zikuswa kapena zapoloza, asatole nsengwa, asachape zovala za abambo zomwe zadetsedwa ndi zimenezo, asakolope pomwe mphaka wachita chimbudzi. Ndikudziwa kuti papuloti mayi amathandiza chilichonse ngakhale salipidwa, ndipo kukana ntchito pamaso pa abwana nkovuta ukakhala mlendo m'dziko la eni, koma apa abambo imani nji, miyezi imeneyi ntchito ya m'khola ndi yanu. Mayi akatenga toxo koyamba ali ndi pakati akhoza kupita padera, kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso kapena madzi m'mutu, pena vuto la maso limadzaonekera mwana atakula, ndipo chlamydia ndi Q fever za mbuzi nazo ndi zoopsa kwa mayi wapakati. Ku France amayi omwe ali negative amayezedwa mwezi ndi mwezi mpaka kuchira, koma kusikelo ya boma kuno toxo sili m'gulu la zomwe amayeza aliyense, nde ngati mbuzi zapoloza pomwe mukukhala, auzeni anamwino momveka kuti mumakhala ndi ziweto. Magazi a munthu amawerengedwa mofanana ndi a mbuzi aja, IgG yokha kawirikawiri imasonyeza zakale, ndipo adokotala ndi amene amaona ngati pakufunika kuyeza zina.

Gulu lina ndi abale athu omwe ali ndi HIV. Timatumba tija timakhala phee chitetezo chikakhala bwino, koma CD4 ikatsika pansi pa 100 kachilombo kamadzuka mu ubongo, munthu amayamba mutu wosatha, kusokonezeka, kukomoka ngati khunyu, mbali imodzi kufooka, ndipo kangati timamva anthu akuti amulodza kumudzi chifukwa cha ndalama za ku Joni, nkumusonkhera ya basi m'malo mothamangira naye kuchipatala pomwe matendawa ali ndi mankhwala ndipo akagwidwa msanga munthu amatha kuchira. Ambiri zimawapeza atasiya ma ARV chifukwa chosamuka, kuopa kufunsidwa mapepala, kapena abwana sakupereka tsiku lopita ku kiliniki. Bakitirimu uja amapatsidwa limodzi ndi ma ARV chitetezo chikatsika amatetezanso ku toxo ya mu ubongo, choncho ngati munapatsidwa musamusiye nokha mpaka achipatala atanena, ndipo ngati munadukiza mankhwala bwererani ku kiliniki yapafupi mukayezetse CD4, muwauzenso kuti ntchito yanu ndi ya m'khola la mbuzi.